Akuti Atuluka pa Khrisimasi

Lamulungu, 29 Novembala 1981

Adiventi yayamba. Ulaliki wonse wa bambo mfumu unali woti khalani maso, simudziwa nthawi yobwera mwini nyumba. Ine kumangoyang'ana pansi.

Titatuluka m'tchalitchi, mlamu wanga Abson anandipeza, thukuta lili kamukamu. Akuti wamva kwa munthu wodalirika wa ku Woodlands, kumene kumakhala akuluakulu a boma, kuti ena mwa omangidwa awatulutsa pa Khrisimasi, ndipo akulu ake, ba Phineas, ali m'gulumo. Amuna anga. Apolisi anawatenga mu Febuluwale ku depoti ya mabasi pa nkhani za sitalaka, mpaka lero mlandu sunazengedwe. Azimayi a mumphakati wathu atamva, nthungululu. Agwirizana zoti azibwera kwanga Lachinayi lililonse kudzapemphera mpaka atuluke.

Ndinamwetulira, ndinathokoza.

Lachiwiri, 1 Disembala

Ntchito yachuluka ku Kamwala. Aliyense akufuna diresi la Khrisimasi, makina anga pakhonde la sitolo ya nsalu sakupuma. Ndafika kuno ku Kabwata miyendo itatupa, ndapeza mwana wanga Chisanga akusesa uku akuimba, mawu kumveka mpaka kumsewu. Mwana yemweyu chaka chatha ankalankhula monong'ona m'nyumba ya kwawo. Wasiyanso kukodzera pogona.

Ndilembe zoona, poti palibe adzawerenge. Miyezi imeneyi ndagona tulo tabwino. Palibe kutchera khutu kuti lero abwera ataledzera motani, dzanja ligwera pa ine kapena pa mwana. Masiketi anga ayamba kuthina. Ndi mkazi wamtundu wanji amene amanenepa mwamuna wake ali m'ndende?

Lachinayi, 3 Disembala

Azimayi aja abwera, nyumba kudzaza. Anatsogolera ndi ba Exildah, aneba anga a khoma limodzi, ndi Chinyanja chawo chosakaniza Chibemba. Mayi wina anati ine ndine chitsanzo, akazi ena akanathawa kalekale. Tinagwada. Onse akuti Ambuye atulutseni, pakamwa panga ndikunena nawo, koma mumtima mawu ena anatuluka okha: Ambuye, osati tsopano.

Ndinawanena ndili chogwada, kolona ili m'manja. Pomaliza ndinawaphikira tiyi, nkuwaperekeza mpaka pageti ngati munthu wabwino.

Lamulungu, 6 Disembala

Sindinalandire Ukaristia. Ndinangokhala pabenchi, anthu nkumandigunda mawondo podutsa. Chisanga anafunsa ngati ndikudwala, ndinati mutu. Bodza lina pamwamba pa linzake.

Lachitatu, 9 Disembala

Mvula tsiku lonse. Ndalumikiza mkono wa diresi chozondoka. Kaya kumene ali ba Phineas kukudontha.

Loweruka, 12 Disembala

Zinamveka kuti m'tauni mwafika saladi, mafuta ophikira aja, ndiye ine ndi ba Exildah tinalawirira kukaima pamzere. Dzuwa linatiwotcha, mafuta nkuthera pamaso pathu. Pobwerera tinayenda wapansi, mabotolo opanda kanthu ali m'manja.

Tili panjira anandifunsa chifukwa chake sindinalandire Lamulungu lija. Ndinayamba za mutu zija, iwo anaima nkundiitana ndi dzina la mwana wanga monga amachitira Abemba.

"Bana Chisanga, khoma lija ni lopyapyala. Tinali kumvela vonse."

Akuti usiku uliwonse ba P. akayamba, iwo ndi amuna awo ankakweza wailesi. Zaka zonsezi. Tsiku lija ndinauza anthu kuti ndagwa pa mpopi, iwo ankadziwa, koma anangonditengera mankhwala opaka osanena kanthu. Akuti Lachinayi lija akutsogolera pemphero anaona nkhope yanga, manyazi anawagwira, kunyumba sanadye. Anandipempha kuti ndiwakhululukire.

Ndinalira pamsewu pomwepo, magalimoto akudutsa. Ndinawauza mawu aja ndinanena ndili chogwada. Ndimayesa adzidzimuka. Anangopukuta m'maso ndi chitenje nkunena kuti, "Mulungu naye anali kumvela. Nanga mum'bisila chani?"

Lachiwiri, 15 Disembala

Abson wabwera kuchokera ku Chelstone ndi chilolezo chokaona ba P. Loweruka likubwerali. Wachivutikira, wayenda m'maofesi masiku angapo. Akuti ulendo uno sanamukanize ngati mmene akhala akundikanizira ine.

Sanandikanize. Chiyambire Ogasiti sindinapite nkomwe kukapempha, ndinkangouza anthu kuti akana. Abson akulankhula mosangalala, ine kumangopindapinda kapepalako. Akuti akulu ake amandifunsa nthawi zonse.

Lachinayi, 17 Disembala

Ndinatseka makina msanga nkupita kukalapa. Ndinanena zonse, za pemphero lija ndi za chilolezo. Bambo mfumu sanandikalipire, sanandiyamikenso. Anati mantha si tchimo, ndipo Mulungu sanandiike m'banja kuti ndizimenyedwa. Koma kufunira munthu kuti awolere m'ndende mopanda mlandu, chimenecho ndichisiye. Anandifunsa chimene ndikufuna kwenikweni.

Ndinati ndikufuna atuluke, koma ndisabwerere m'moyo uja. Anati pemphero langa ndi limenelo, ndipo Loweruka ndikawauzenso eni ake.

Madzulo azimayi anabwera. Ba Exildah anapempherera ba P. kuti atuluke, kenako anawonjeza kuti m'nyumba muno musadzamvekenso kulira. Ena anatsegula maso nkuyang'anana. Ine ndinatseka anga.

Loweruka, 19 Disembala

Ndapita. Ndinatenga buledi, sopo ndi nsawa zokazinga. Abson anatsala panja kuti tilankhule awiri.

Poyamba sindinawazindikire. Aonda, khosi ngati la nkhuku, mano awiri akutsogolo palibe. Anakhala tsidya lina la waya manja ali pamawondo. Anafunsa za lendi, za denga, za amayi awo ku Mufulira. Kenako anafunsa ngati Chisanga amawafunsa.

Bodza linali kale pa lilime. Ndinati ayi, safunsa. Ndinati amagona bwino tsopano, inenso chimodzimodzi. Ndinawauza kuti chilolezo sanandikanize, ndine sindinkafuna kubwera, ndipo nditamva kuti mwina atuluka ndinapempha Mulungu kuti achedwe.

Ndinadikira maso aja ndimawadziwa. Ngakhale panali waya, thupi langa linabwerera m'mbuyo lokha. Iwo anaona.

Kenako anati masiku oyambirira, pamene apolisi ankawafunsa mafunso uku akuwamenya m'chipinda china, anagwa pansi nkuphimba mutu ndi manja, chigongono kutchinga kumaso.

"Ndili pansipo ndinadzifunsa kuti kagwiridwe aka ndinakaona kuti. Ndinakaona kwa iwe, Eness."

Sanapepese ndi mawu ambiri, ndipo sindikudziwa ngati munthu amasinthadi kapena ndi njala chabe. Koma ndinanena zimene ndinadzera. Ndinati, "Bashi Chisanga, bambo a mwana wanga, mukatuluka mukafikire kwa Abson. Kwathu muzibwera Lamulungu masana, tizidya pamodzi, dzuwa likapendeka muzibwerera. Mpaka ine ndi mwana titasiya kuopa."

Anafunsa kuti anthu adzati chiyani. Ndinati anthu akudziwa kale, ankangokweza wailesi. Nsagwada zawo zinalimba, ndinaona mkwiyo ukukwera, nkuuonanso ukutsika. Anagwedeza mutu kuvomera. Mlonda anati nthawi yatha. Akunyamuka anati za Khrisimasizo ndisazikhulupirire kwambiri, mphekesera zotere zimabwera mwezi uliwonse. Ndinadabwa kuti mawu amenewo anandipweteka.

M'basi ndinamuuza Abson. Titafika pa siteshoni anati chipinda chilipo, achotsamo matumba a makala.

Lamulungu, 20 Disembala

Titabwera ku Misa, Chisanga anali kuseri akutsuka mbale. Ndinakhala pa njerwa pafupi naye nkumuuza kuti dzulo ndinakaona atate ake, aonda, mano awiri akutsogolo palibe, ndipo mwina atuluka, kaya sabata ino kaya chaka chamawa. Manja ake anaima m'madzi.

"Azagona kuti?"

"Ku Chelstone, kwa atate ako aang'ono. Kuno azibwera masana okha, ine ndilipo."

Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikunama. Ndinapirira, sindinayang'ane kumbali. Anatenga mbale ina nkuyamba kuikwecha pang'onopang'ono.

"Ndiye abwele," anatero. Kenako anafunsa ngati munthu wopanda mano akutsogolo angathe kudya chimanga chootcha.