Pikapu Imodzi, Oyendetsa Atatu

Lachiwiri, 6 Novembala

Wadih wakhoza mayeso a maso. A mtima, a masamu, onse. Ati madokotala a asilikali anamukhazika pampando wozungulira uja, anzake awiri n'kusanza, iye ayi. Wabwera chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Mlongo wanga ameneyu, woyendetsa ndege za nkhondo! Munthu amene ankalira tikamukweza pabulu.

Ndamuuza kuti akadzayamba kuuluka azidzalambalala mudzi uno, madenga athu ndi okalamba. Waseka. Kenako maso m'mbale.

Chimene chikumuvuta ndikuchidziwa. Kwatsala ziwiri: kukaonekera pamaso pa akuluakulu ku Beirut, ndi munthu wawo kubwera kuno kudzafunsa za khalidwe lake. Ndiye pali nkhani ya khoma ija.

Ndiilembe kamodzi ichoke. Ukwati wa msuweni wathu Rima, chilimwe chija. Arak, kachasu wa kuno, mbwee pathebulo lililonse. Wadih, ndevu zikungomera kumene, atamwa ndithu, anatenga pikapu ya malemu bambo kuti akatenge oimba ng'oma. Anakalowa nayo m'khola la nkhuku la a Abou Nakhle, kudzera pakhoma. Munthu sanavulale. Nkhuku zinafa, sindinena zingati, zimachuluka chaka ndi chaka. Apolisi, khoti, laisensi kulandidwa. Chichokereni tsiku limenelo sanalawenso. M'mudzi muno, momwe ngakhale ansembe amatcheza arak wawo, anthu amamufunsa ngati akudwala.

Amayi amva za mayesowo. Angomuonjezera mphodza.

Lachisanu, 9 Novembala

Mvula. Magetsi anabwera m'mawa, n'kuthawa ndisanasite. Kusukulu ana theka ali ndi chimfine.

Wadih wapita ku Beirut, akhala kwa azakhali mpaka zitatha. Nsapato zopukuta mpaka kudzionera nkhope. Basi itangokhota, amalume Tanios atulukira, befu ali wefuwefu. Amva kwa mnzawo wa kupolisi kuti wofufuzayo abwera Lachitatu.

Ndiye ali ndi nzeru, nzeru zawo zija. Mudzi wonse ulankhule chimodzi: mwanayu sanalawepo mowa chibadwire. Ndinawakumbutsa kuti nkhaniyo inafika kukhoti, inalembedwa. Iwo amvekere, "Najat mwana wanga, pepala silithirira munthu khofi. Mlendo amakhulupirira amene wamukhazika pampando."

Ndinaseka. Koma ndinavomera. Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Mnyamatayu anayamba kudula zithunzi za ndege m'nyuzipepala mamina akadali pamphuno. Akamukana chifukwa cha tsiku limodzi lija, sindidziwa chimene chidzatsale mwa iye.

Tagwirizana kuti iye asamve. Angatiletse.

Lamlungu, 11 Novembala

Titatuluka misa amalume anaima pakhomo la tchalitchi ngati wolandira chopereka, aliyense kumunong'oneza gawo lake. Palibe wakana. Anthu a kuno bodza lothandiza mwana wa mnzawo amalilandira ndi manja awiri.

Wakhama koposa onse ndi a Abou Nakhle eni khoma. Wadih anawamangiranso yekha, mwala ndi mwala, ndipo mpaka lero ndi khoma lokhalo lowongoka pakhomo pawo. Ati akanakonda akanagundanso la kukhitchini.

Vuto limodzi. Ino ndi nyengo yotcheza. Mudzi wonse ukununkhira arak, ngakhale mbuzi. Amalume afunditsa mphika wawo wamkuwa ndi bulangete kuseri kwa nyumba, ati basi zatheka.

Tikubwerera kunadutsa helikopita, pansi ndithu. Aliyense maso kumwamba, ana kukuwa dzina la Wadih. Amayi okha anafulumira kulowa m'nyumba, ati nyemba zipserera. Ndinawafunsa chimene adzanene Lachitatu. Ati adzamuphikira khofi. Basi.

Lachitatu, 14 Novembala

Mayo ine.

Wabwera. Kaputeni, wamng'ono thupi, imvi za m'mbali, waulemu. Asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto anali atagwidwa kale mkono. Nyumba iyi khofi, iyo khofi, inayo nkhuyu zouma. Ine pambuyo ngati mlonda.

Tinagwirizana kuti Wadih samwa. Chimene tinaiwala kugwirizana n'chakuti nanga khoma anagunda ndani.

Amalume, dzanja pachifuwa: ankayendetsa ndi iwo, mwanayo anangowabisa chifukwa cha ulemu. Kwa ometa tsitsi: ankayendetsa ndi ometawo, Wadih anali mtulo kumbuyo. A Abou Nakhle anayamba n'kunena kuti khomalo linagwa lokha ndi mvula. Kaputeni anafunsa mofatsa ngati kuno kumagwa mvula mu Ogasiti. Iwo n'kusintha pomwepo, ati ayi akumbuka, anagunda okha khola lawo pobwerera m'mbuyo. Munthu amene chiwongolero sanachigwirepo, ngakhale cha njinga. Ansembe anangoti zimene amamva anthu akamaulula machimo sanena, n'kuyang'ana kudenga, zomwe zinaipitsa zinthu kuposa onsewo.

Chachikulu n'chino. Amalume atamaliza kulumbira kuti m'banja mwathu mowa sulowa, mlendo anaimirira kutsanzika. Mkono wa amalume unangopita wokha kukabati. Tambula, madzi, arak watsopano. Ati mlendo sachoka osalawa wa chaka chino, kungakhale kumunyoza. Anazindikira tambula ili kale m'manja mwa munthu. Kaputeni anainunkhiza, anayamikira, anaiika pansi.

Ine ndinati tsiku la ukwatilo mutu unkandipweteka, ndinachoka msanga. Anandiyang'ana mmene ndimayang'anira mwana wonena kuti mbuzi yadya kope lake. Amvekere, "Aphunzitsi, pikapu imeneyi inali ndi ziwongolero zingati?"

Pomaliza anapempha kulonjera amayi. M'khitchini, chitseko chokankhira. Anakhalitsa. Anatuluka ndi botolo la azitona, nkhope yosaseka. Amayi maso ofiira. Ati anyezi.

Amalume akuti zayenda bwino kwambiri.

Loweruka, 17 Novembala

Wadih wabwera ndi basi ya masana, wopepuka, akuimba mluzu. Wandibweretsera maswiti a kwa azakhali.

Anafotokoza tikudya. Atangolowa pamaso pa akuluakulu aja, asanafunsidwe, anaiyamba yekha nkhani ya khoma. Yonse. Matambula, nkhuku, khoti. Wamkulu wawo anamufunsa kuti amupatse bwanji ndege pomwe pikapu inamukanika. Iye anayankha kuti pikapu inalibe mlandu, wolakwa anali iye, ndipo chichokereni sanabisirepo munthu. Kenako anawauza kuti, "Kafunseni kwathu, aliyense akuuzani zomwezi."

Ndinasiya kudya.

Ndinamuuza. Ndinayesa kuyamba ndi za tambula ya amalume kuti mwina aseke. Sanaseke. Sanakalipenso, bola akanakalipa. Anapukuta manja pang'onopang'ono. Anati, "Achemwali, ena aja ali ndi abambo awo maofesala, ena masukulu a kunja. Ine ndinali ndi chilungamo chokha. Ndiye mwachigawana ndi ometa."

Tsopano kapena wabodza ndi iye, kapena ndi mwana wa mudzi wa abodza. Asankhe okha akuluakuluwo.

Manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Ine wophunzitsa ana a eni kuti asamaname.

Amayi anatolera mbale osayang'ana aliyense.

Lachinayi, 22 Novembala

Tsiku la ufulu, sukulu kulibe. Pa kanema asilikali akuguba. Ndege zitayamba kudutsa Wadih anazimitsa, n'kupita kukathyola azitona otsala.

Foni ziii. Ikalira ndi azakhali, kufunsa ngati yalira.

Amalume atumiza nkhuku yootcha ngati chipepeso. Nkhuku, abale! Pa nyama zonse za padziko. Ndinayang'ana Wadih, milomo yake inagwedezeka pang'ono ngati aseka, koma anaigwira. Ine nthabwala zandithera. M'nyumba muno mukangokhala chete chonchi ndimamva mpando wa bambo kuti ulibe munthu.

Lachiwiri, 27 Novembala

Mafuta a mbaula akwera. Denga la kuchipinda kwanga layamba kudontha.

Wadih wafunsa kwa amakaniko a kumunsi ngati akufuna wothandiza. Zithunzi zija wazichotsa kukhoma, kwatsala timisomali.

Amayi akudya bwino masiku ano. Dzulo ndinawamva akung'ung'udza nyimbo akusenda mbatata. Kaya.

Lolemba, 3 Disembala

Amutenga.

Waimba yekha kaputeni uja, m'mawa, Wadih ali ndi girisi m'manja. Ayambe maphunziro chaka chikangolowa. Mnyamata anakhala pansi pasimenti, foni kukhutu, kumangoti inde bwana, inde bwana, misozi ikugwera pa ovolosi.

Pasanathe nthawi mudzi wonse pakhomo. Ntchemberezo nthungululu, ometa kuwombera m'manja. Amalume akuuza aliyense kuti ndi nzeru zawo. A Abou Nakhle akuti ndege yoyamba adzakwere iwo, poti ngozi ya mnyamatayu anailawa kale.

Wadih anawakhalitsa chete n'kunena zimene wauzidwa. Ati kaputeni anati sanaonepo mudzi wonama moipa chonchi, kapena wokonda mwana chonchi, koma zimenezo sizikanamuthandiza. Chamupulumutsa ndi munthu mmodzi. Amayi. Anafotokoza zonse m'khitchini muja, ndendende mmene iye ananenera ku Beirut, osachotsa ngakhale nkhuku imodzi. Ati mwana wa mayi wotere angathe kupatsidwa ndege.

Anagwada pamaso pa anthu onse, kupsompsona manja a amayi, kuwaika pamphumi pake. Amayi kulira, kulira kosatonthozeka. Anthu amvekere chimwemwe chimenecho. Inenso ndinatero.

Madzulo tikutsuka tirigu wa chikondwerero cha Barbara Woyera, ine ndi amayi awiriwiri. Ndinawaseka kuti kani ochenjera m'nyumba muno ndi iwo, anatisiya tonse tikuvina pamatope. Sanaseke. Manja ali m'madzi, osandiyang'ana.

"Ndinamuuza zonse kuti amukane, Najat. Ndinamugwira mkono munthu uja, ndinamupempha. Ndinati mwanayu ndi wopupuluma, musamupatse. Bambo ako ndinawaika kale m'nthaka. Uyu ndinkafuna aziyenda pansi pano, pomwe ndingamuone."

Anakhuthula madzi. Anathira ena. Anati ndisadzamuuze, ngakhale iwo atapita.

Ndiye kaputeni uja ankadziwa. Anamva pempho lonse, anatenga azitona ake, n'kukauza mnyamata theka lokhalo limene angathe kulisenza.

Milungu yonseyi ine kuopa kuti amukana. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti akamutenga ndiye kuti azikwera kumwamba tsiku ndi tsiku, ife kuno tikumvetsera phokoso lililonse. Tsopano ndaganiza. Sizikuchoka.

Tirigu ali pamoto. Amayi akutakasa, msana kuchitseko. Panja Wadih akundiitana, ati achemwali tulukani mudzandinene, lero ndakulolani, nenani za bulu, nenani za nkhuku. Ndikupita. Ndingosamba kaye kumaso, asaone kuti ndalira.