Nkhuku Ija Ndagulitsa, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Mtakataka tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lafika ndi ukali wake wa chaka ndi chaka. Ndikulemba kalatayi nditakhala pansi pa mtengo wa mango uja munaletsa a malume a Dominiko kudula. Wabereka kwambiri, moti nthambi ina tachita kuichirikiza ndi mphanda.

Ndiyambe ndi zapakhomo, pakuti inu munkati mlendo amayamba wanena za kwawo asanatulutse chimene wadzera. Chimanga cha kumunda wa kumtunda tinakolola bwino ngakhale mvula inadula mu Febuluwale. Cha kudimba chinapita ndi madzi. Anankafumbwe analowa m'matumba awiri chifukwa ndinachedwa kuthira mankhwala. Musandikalipire, mlongo wanga Vaileti anandikalipira kale m'malo mwanu, ndi mawu anu omwe. Mbuzi yanu yamawangamawanga inaswa ana awiri, ndipo sinaleke kudya sopo. Yaikulu ndi iyi: Vaileti anachira mu Ogasiti, ku Mua, mwana wamkazi. Tamutcha Sesiliya, dzina lanu. Akamayamwa amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira polowetsa ulusi m'singano.

Tsopano ndinene chimene ndadzera. Ndachizengereza chifukwa muli manyazi anga.

Chaka chitakwana chimwalirireni inu, a malume anatiitana kuti tikambe za chiliza. Anati timange mvula isanagwe, ndipo pamwala pakhale nkhope yanu, monga anthu akuchitira masiku ano. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Fabiano ndiwe wojambula. Chithunzi cha mayi ako chichokera kwa iwe." Ndinavomera popanda mantha. Zaka zinayi ndikuyenda ndi kamera pakhomo pano, ndikanaopa chiyani?

Mukukumbukira chogwirira kamera chija, chimene anzanga a ntchito amati gimbo? Tsiku limene ndinabwera nacho kuchokera ku Lilongwe ndinakufotokozerani kuti m'kati mwake muli timainjini titatu, timene timagwira kamera kuti isagwedezeke munthu akamayenda kapena kuthamanga. Munachiyang'ana nthawi yaitali ndikuchipendeketsa uku ndi uku, kenaka munati, "Iii, ndiye mwagula nkhuku. Thupi likuvina, mutu uli chete." Kuyambira pomwepo dzina lake linali nkhuku. Nkhuku imeneyo ndiyo inkandidyetsa. Ndinajambula nayo maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuyambira ku Golomoti mpaka ku Chipoka, ndipo anthu ankandikonda chifukwa ndinkatha kuyenda pambuyo pa mkwatibwi mwakachetechete, iye osadziwa.

Inunso ndinkakuyendani pambuyo chomwecho. Mukupeta, mukusenza nkhuni, mukukalipira mbuzi. Mukatembenuka n'kundiona munkaphimba nkhope ndi dzanja n'kunena kuti, "Chithunzi ndi mlendo, mwanawe. Salowa popanda odi, ndipo mwini nyumba amayamba wasamba." Ine ndinkaseka. Ndinkakuuzani zimene anatiphunzitsa, zoti munthu amaoneka bwino akakhala kuti sakudziwa kuti akujambulidwa. Ndinali ndi setifiketi, ndiye ndinkayesa kuti ndikudziwa.

Ndinakhala masiku atatu pa kompyuta ndikufunafuna nkhope yanu. Amayi, mulibe. Muli msana wanu, muli chigongono, muli chikhatho chotambasula, muli mawu anu akuti "choka apa ndi nkhuku yakoyo". Zonse n'zosalala, zosagwedezeka, zokongola ndithu. Koma palibe pamene mukundiyang'ana, chifukwa palibe pamene ndinakupemphani.

Pali Loweruka limodzi limene limandipweteka kuposa zonsezo. Itangopita Pasaka, munasita yunifomu yanu ya amayi a kutchalitchi ndi ayironi ya makala, munasesa pansi pa mango, munamanga duku loyera lija, n'kuima. Munati, "Lero ndiye ndijambule, ndakonzeka." Ine ndinali ndi ukwati ku Golomoti, ndipo minibasi inali ikuliza hutala pamsewu. Ndinati, "Ndikabwera, amayi." Simunadandaule. Munangoti, "Yenda bwino." Ndinabwera mawa lake, yunifomu ili m'sutikesi. Mu Juni munayamba kudwala, mu Julaye tinakuperekezani.

Ndinapita kwa a malume kukaulula. Anapitiriza kusenda chinangwa, osandiyang'ana. Kenaka anati, "Pita ku Golomoti, ukafunse kwa a Sumaili. Mwina sanataye."

A Sumaili mukuwadziwa, aja ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kamera ili m'khosi, ife tili ana. Akalamba tsopano, maso achita nkhungu, koma mutu uli bwinobwino. Sanataye kanthu. Ali ndi zitini za mabisiketi zodzaza ndi manegetivi, aliwonse m'envulopu yake yolembedwa dzina la mudzi. Ndifotokoze, pakuti inu munkangolandira chithunzi chotha. Negetivi ndi kachidutswa ka filimu kamene kamatsala kwa wojambula, ndipo pamenepo zinthu zimaoneka motembenuka: choyera chimada, chakuda chimayera. Kuti uzindikire munthu umachita kukaika kachidutswako padzuwa n'kutsinzina diso limodzi.

Ndinakhala pakhomo pawo masiku awiri, ndikukweza anthu a m'mudzi mwathu kudzuwa mmodzimmodzi, ambiri a iwo muli nawo kumeneko. Tsiku lachiwiri masana ndinaona mayi wa duku lakuda ndi nkhope yoyera mbuu, ataima pansi pa kamtengo kakang'ono ka mango. Nkhope sindinaizindikire. Ndinazindikira kaimidwe, mutu wopendekera kumanzere, kolona itakulungidwa padzanja. Nditatchula dzina lanu, a Sumaili anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Aaa, aNabanda aja! Anandikhazika pa mpando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Asese, asambe, asite. Ndinati mayi, filimu yanga iwola. Iwo akuti, bambo, inu mukhala tsiku limodzi, chithunzicho chikhala mpaka adzukulu."

Anandilowetsa m'kachipinda kawo kamdima, n'kuyatsa kababu kofiira. Ankandiuza chochita, manja ali anga, pakuti awo akunjenjemera. Tinawalitsa negetivi ija papepala loyera, n'kuliviika m'beseni la mankhwala. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka panatuluka maso. Kenaka mphumi, duku, ndi kamwa lija lofuna kuseka koma likudziletsa. Munali wamng'ono kuposa mmene ndiliri ine lero. Ndipo munali mukundiyang'ana, amayi, maso ndi maso, osabisa kanthu, chifukwa munthu uja anadikira. Ndinalira m'chipinda cha eni ake. A Sumaili anangoti, "Gwedezabe beseni, mwana wanga, angapse mayi ako."

Ndinabwerera kunyumba chithunzi chili m'buku kuti chisapindike, koma maganizo ena anali atandilowa. Ana a a Sumaili onse ndi a geni ya nsomba, palibe wofuna zitini zija, kapena kamera, kapena makina okuzira zithunzi. A Sumaili anandiuza poyera kuti akadzatsinzina zonsezo zidzapita kudzala. Ndinawapempha kuti andigulitse zipangizozo ndi kundiphunzitsa ntchito. Anati, "Kugulitsa n'kosavuta. Koma kodi udzatha kudikira?" Ndinalibe chuma china choti n'kusinthanitsa nazo koma nkhuku ija.

Ndinaiika pa foni kuti ikugulitsidwa, pamodzi ndi chikwama chake ndi mabatire. Anabwera mayi wina wa ku Salima, wojambula maukwati, tinakumana pa siteji. Anaigwira, anayenda nayo kuzungulira amayi ogulitsa tomato, ndipo ndinaona kuti waikonda. Akanatha kukwera nayo minibasi osadziwa kanthu. Koma ndinakumbukira mawu anu: "Ukamagulitsa mbuzi, uziyamba waonetsa mwendo wotsimphina." Ndinamuuza kuti kainjini ka kumanja kamanjenjemera ikakhalitsa padzuwa, ndiye aziipumitsa pamthunzi, ndiponso kuti batire imodzi siichedwa kutha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mukugulitsa kapena mukundithamangitsa?" Anatsitsako mtengo, ine sindinakane. Minibasi itanyamuka, dzanja langa lamanja linapepuka mwachilendo, ngati ndaiwala kanthu.

Vaileti sanakondwe, ndipo sindimuda. Akuti, "Achimwene, anzanu akuthamangira kutsogolo, inu mukubwerera kwa makolo. Filimuyo muziitola kuti?" Funso lake n'loona. Kuno siipezekanso. Ndimachita kutuma dalaivala wina wa thiraki amene amapita ku Joni, ndipo akachedwa ndiye kuti ntchito yaima. A maukwati aleka kundiimbira, chifukwa amafuna vidiyo yoyenda. Amene abwera mpaka pano ndi kwaya imodzi, ndi agogo awiri ofuna kusiyira ana awo nkhope. Sindikudziwa ngati ntchito imeneyi idzandidyetsa monga inkachitira nkhuku. Sindikubisirani mwendo wotsimphina.

Koma ndikuphunzira. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimapalasa njinga kupita ku Golomoti. Ndaphunzira kuti filimu imodzi imatenga zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi basi, ndipo suona chimene wajambula mpaka utatsuka. Ndaphunzira kuti kutentha kwa kuno kumaononga mankhwala, ndiye timawaziziritsa ndi madzi a mumtsuko. Ndinatenga mtsuko wanu waukulu uja, ndikhulupirira simukwiya. Koposa zonse ndaphunzira kukhala pa mpando wa eni khomo, kamera ili pamiyendo, osaikweza mpaka atanena okha kuti akonzeka.

Lamulungu lapitali ndinaika filimu yanga yoyamba ya ine ndekha, popanda a Sumaili pambali. Ndinapita kunyumba kwa Vaileti, ndinaima pabwalo, n'kunena kuti, "Odi! Ndabwera kudzapempha chithunzi cha Sesiliya." Anatuluka akuseka, akuyesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka, anasiya. Anandipatsa mpando. Anasambitsa mwana, anamudzoza mafuta, anasamba iye mwini, anapita kukatsegula sutikesi yanu n'kutulutsa duku loyera lija. Tinayenda limodzi kubwera pansi pa mango, ndipo anayamba wasesa. Dzuwa linafika pamutu ine ndili chikhalire. Kenaka anaima, mwana ali m'manja, mutu wopendekera kumanzere, n'kunena kuti, "Ndakonzeka."

Ndinajambula kamodzi kokha.

Filimuyo sindinatsuke, ikadali m'kamera, ndiye sindingakuuzeni ngati chithunzicho chatuluka bwino. Chanu chija tachitumiza kale kwa omanga chiliza, ndipo a malume akuti mwambo uchitike mvula yoyamba isanagwe. Tsiku limenelo ndidzafika kumanda m'mamawa, anthu asanasonkhane. Ndidzasesa, ndidzaodira, ndipo ndidzakuonetsani mdzukulu wanu papepala, chikhale chowala kapena chakuda. Ulendo uno sindikunena kuti ndikabwera. Ngakhale minibasi ilize hutala mpaka kutopa, ndidzakhala pomwepo.

Mupereke moni kwa abambo. Muziwauza kuti mango abereka.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene waphunzira mochedwa kunena odi,

Fabiano