Biriwita Yanu Ndaidula

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Esinati. Ndikulemba ndili ku Hatile, kumene eni dziko amati Chegutu, m'lokeshoni ya Pfupajena. Ku komboni ya mgodi ku Gatuma kumene mudatisiya tidachokako. Ndifotokoza zonse, koma mundipirire, mutu wanga masiku ano ukuyenda pang'onopang'ono. Sindikudwala ayi. Ndimadya, ndimagona, ndimachapa zovala za eni ake. Kungoti zimene zachitikazi ndimaziona ngati zikuchitikira mkazi wina wa khomo loyandikana nalo, ine n'kumangosuzumira pa mpanda.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mimba ija mudandisiya nayo adabadwa mwana wamwamuna, dzina lake Yohane. Akuyenda tsopano, ndipo makutu ndi anu enieni, otambalala ngati akufuna kumva za m'nyumba ya eni. Kamunda kathu ka m'mbali mwa mtsinje wa Muzvezve chaka choyamba kadatipatsa chimanga chokwanira, maungu mpaka kugawira anthu. Chaka chatha anyani adatithandiza kukolola. Nkhuku zanu zidatha ndi chitopa, kupatula thadzi lolusa lija limene linkajompha ana. Loipa silifa msanga. Posamuka ndidalisiya kwa aNabanda, anzanu a kumpingo aja, ndipo akuti likuwavutitsabe.

Tsono zolemera. Chifuwa cha bambo a Dorika, chija mudati n'cha fodya, sichidali cha fodya. Ndi fumbi la pansi pa mgodi. Lidawadya m'kati mwakachetechete mpaka adayamba kupumira panjira pochokera ku chimbudzi. Dokotala wa pamgodi adawaunika pachifuwa, n'kuwauza m'Chilapalapa kuti, "Wena hamba kaya." Ndiye kuti pita kwanu. Mawu ake adali omwewo basi. Mukudziwa inu kuti nyumba ya pa komboni ndi ya munthu amene akutsika pansi. Kapitawo adabwera mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja, kudzatiuza kuti mwezi ukatha mudzalowa banja lina.

Mkamwini wanu sadadandaule. Adangoti akufuna kukafera kwawo ku Dedza, kumene akamva mphepo ya m'phiri. Sadanene kuti kukachira. Adati kukafera, ndipo ine sindidawatsutse, chifukwa tonse tidali titaona kale zimene zimatsalira pa kansalu akatsokomola.

M'masiku omwewo ndi m'mene zidamveka zoti Dorika wakhoza Sitandade Sikisi. Mdzukulu wanu uja, Amayi, amene munkamukalipira kuti mukamufunsa m'Chinyanja amayankha m'Chishona. Sadasinthe. Ndikati nsima, iye amati sadza. Koma mutu ulipo. Dzina lake adalitchula m'tchalitchi, amayi adalulutira, ine ndidangokhala pa benchi manja ali pamiyendo. Ndidafunafuna chimwemwe m'kati mwanga ngati munthu wofuna singano mu udzu, osachipeza. Mwanayo adandiyang'ana, ndipo ndidamwetulira kuti asadabwe.

Madzulo ake adandiuza, m'Chishona chakecho, kuti, "Amai, ndinoda kuenda mberi." Akufuna kupitiriza sukulu. Akuti adzakhala namwino. Ndidamuuza kuti tikupita kumudzi. Adafunsa kuti kumudzi kwa yani, poti iye adabadwira pa komboni. Ndikadakhala inu ndikadamutsina tsaya. Ine ndidalibe mphamvu zake.

Mukukumbukira bokosi lanu lachitsulo lija? Zaka zonse zimene tidakhala m'dziko muno lidali pansi pa bedi, lomangamanga, ngati lole ikubwera mawa. Mudakana kubzala ngakhale mtengo wa papaya pakhomo, mumvekere mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wina akatchula za anthu amene adaiwala kwawo, munkalavula malovu n'kunena kuti, "Ife si matchona. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka." Ndipo pansi pa bokosilo padali nsalu ya biriwita ija mudagula kwa Mmwenye ku Gatuma, yosachapidwa n'kamodzi komwe, yodzavala tsiku lotsika lole pa Dedza. Mutadwala mudandigwira dzanja n'kundiletsa kukuikani nayo m'manda. Mudati adzaivale amene adzafike kumudzi, anthu adzaone kuti ana a Naphiri sadabwere amaliseche. Ndidavomera. Sindidaiwale ayi.

Komabe ndidayamba kufunsa za masukulu, mwina kuti mwanayo aone kuti ndayesa. Masukulu otenga mtsikana wachikuda akamaliza Sikisi ndi owerengeka, Amayi, ngakhale masiku ano a boma la Chitaganya limene lidatilonjeza zambiri. Yoyamba imene ndidapitako ndi ya mishoni, ku Mhondoro, kupitirira Mubaira. Ndi yogonera konko. Nyumba zanjerwa, mabedi m'mizere, maluwa pakhomo, atsikana oyenda ngati asilikali. Mumtima ndidati ndi yomweyi: mwana ndimusiya pano, ine ndiperekeze bambo ake kumudzi, zonse ziwiri zitheke. Koma adandiuza kuti amayamba atenga ana a mpingo wawo, ndipo ife tidikire ngati malo angatsale. Ndidafunsanso kuti pa tchuti mwana wopanda kwawo amapita kuti. Adati amamupezera nyumba ya mzungu yokagwirako ntchito mpaka sukulu itatsegulidwa. Dorika ataimva imeneyo adandigwira chitenje ngati kamwana. Tidabwerera pa basi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, mudatero inu, ndipo ine ndidagwadi chagada.

Yachiwiri adandiuza ndi aNabanda. Ili kuno ku Hatile, kumapeto kwa lokeshoni. Si ya boma, si ya mishoni. Adayambitsa ndi aphunzitsi angapo pamodzi ndi makolo amene adatopa kuona ana awo aakazi akuthera kukhitchini kwa azungu. Ndi ya atsikana okhaokha, yoyendera, m'mawa kupita madzulo kubwera. Mukadaiona mukadaseka. Zipinda ziwiri zamalata, mabenchi opangidwa ndi matabwa a mabokosi a sopo, belu lake ndi chitsulo cha njanji chopachika pa mtengo. Mbuzi zimalowa m'kalasi. Koma nditaima pawindo ndidamva mtsikana wamsinkhu wa Dorika akutsutsana ndi mphunzitsi pa samu, mopanda mantha, ndipo mphunzitsiyo adayang'ananso pa bolodi n'kuvomera kuti walakwitsa ndi iye. Dorika maso adali gwa, osaphethira.

Mkulu wa sukuluyo ndi mayi wa Chishona, amati Mai Shumba, wamfupi, wa mawu ngati a mwamuna. Adamufunsa Dorika mafunso, Chingerezi chokhachokha, mwanayo n'kumayankha. Kenako adatembenukira kwa ine. Adati malo alipo, ndipo fizi tingamapereke pang'onopang'ono. Koma lamulo lawo ndi limodzi, ndipo salisintha: mtsikana azigona m'nyumba imene muli mayi ake kapena bambo ake. Osati kwa azakhali ongowadziwira m'sitima, osati kwa munthu wa kumpingo. Adati adaona atsikana ambiri osungidwa ndi achibale akusanduka antchito, ena kutenga mimba chaka chisadathe. Ndidayesa kufotokoza za matenda, za ulendo wa ku Nyasalande. Adamvetsera mpaka ndidamaliza, n'kunena m'Chinyanja chothyokathyoka kuti, "Mai, ine sukulu ndili nayo. Nyumba ya mwana ndi imwe."

Apo ndiye padafika nkhani, Amayi. Mwamuna akupita kukafa, akufuna womutungira madzi ndi womutseka maso. Mwana akufuna mayi woti azimutsegulira chitseko madzulo, osati mwezi umodzi koma zaka. Thupi langa ndi limodzi. Ndidayenda kuchoka pasukulupo mpaka pa siteshoni osamva kuti minga yandibaya, ndidaiona titakwera kale sitima.

Ndidapita kumanda kwanu kukakufunsani. Ndidazula udzu, ndidasesa, ndidakhala pansi. Simudandiyankhe, ndipo sindikukudandaulani. Ndidangoona kuti manda a kumbali kwanu, a bambo uja wa ku Ntcheu amene ana ake adabwerera kumudzi, adamera chitsamba pakati penipeni, ndipo chikwangwani chidadyedwa ndi chiswe. Palibenso amene angadziwe kuti pagona yani. Sindikunena kuti ndidatsalira inu ayi, kumeneko kungakhale kunama. Ndikungokuuzani zimene ndidaona.

Ndidawauza bambo a Dorika m'mawa, akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Ndidati, "Bambo a Dorika, ine sindipita nawo." Ndidayembekeza kuti akalipa, kapena anena kuti ukwati watha. Kupuma kwawo kunkamveka ngati macheka. Kenako adafunsa kuti sukuluyo ili ndi denga. Ndidati lamalata. Adati, "Ndiye kuti savumbwa." Adaonjeza kuti iwo adatsika pansi zaka zonsezi osadziwa kulemba dzina lawo, chala chokha pa pepala, ndipo chimene adatulukamo nacho ndi fumbi. Mwanayu asadzadinde chala. Mpaka lero sindikudziwa ngati adandikhululukira kapena adangotopa.

Adanyamuka ndi mng'ono wawo Sitefano, amene adavomera kuwaperekeza. Sitima ya ku Halale, kenako lole yodzera ku Tete. Katundu wawo ndidalongedza m'bokosi lanu lachitsulo lija, choncho bokosilo lafika ku Dedza monga munkafunira. Pa siteshoni ya Gatuma Dorika adalira mpaka anthu kutembenuka. Yohane ankaseka utsi wa sitima. Bambo awo adatulutsa dzanja pawindo, ine ndidaligwira, lidali lopepuka ngati phesi. Sitima itachoka ndidaona kuti ndikuganiza zoti ndaiwala kubweza sefa ya aNabanda. Mkazi wanji woganiza za sefa pa nthawi ngati imeneyo? Misozi sidabwere, ndipo mpaka pano sinabwere. Sitefano adatuma mawu kuti adafika, ndipo odwalawo akumwa phala lokha. Munthu wa positi akadutsa mumsewu ndimalowa m'nyumba.

Kuno tikukhala m'chipinda chakuseri kwa a Jailosi, mwana wa msuweni wanu uja, amene akugwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Mkazi wopanda mwamuna sapatsidwa nyumba m'lokeshoni, ndiye kwa akuluakulu a lokeshoni ndine mlongo wawo wodzacheza. Ndimachapa ndi kusita kwa Mmwenye wina wa sitolo m'tauni, Yohane ali kumbuyo. Manja asweka ndi sopo, koma tikudya.

Tsono chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Yunifomu ya pasukulupo ndi diresi yakuda mobiriwira, ya kolala yoyera. Polongedza bokosi lija nsalu yanu ndidaitulutsa. Ndidadziuza kuti mwamuna sangavale biriwita, ndiisunge mpaka ndidzapite ndekha. Koma Mai Shumba atandionetsa mtundu wa diresiyo, ndidadziwa kuti ndi womwewo. Ndidaiyala pa mphasa Loweruka masana. Idali ikununkhabe inu, fodya wanu wa mphuno ndi mankhwala a njenjete. Mizere ya mopindamo idakana kufutukuka ngakhale ndidasita. Ndidabwereka sizasi kwa akazi a Jailosi. Ndidaigwira nsaluyo m'mphepete n'kuyamba kudula. Sizasi idangoyenda, kwee, ngati nsalu ina iliyonse.

Ndaidula, Amayi. M'nsaluyo mudatuluka madiresi awiri, ndi kachidutswa kamene ndamangira pamutu pano ndikulemba.

Dorika adayamba sukulu. Tsiku loyamba ndidamuperekeza mpaka pa mtengo wa belu. Adayenda patsogolo panga, msana uli chilili, mzere wa bokosi lanu ukuonekabe kumbuyo kwa diresi kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Asadalowe adatembenuka n'kunena m'Chinyanja, osati m'Chishona, kuti, "Amayi, ndapita." Ndidayankha kuti upite bwino. Madzulo amabwera ndi njala ndi nkhani zambirimbiri, za mafupa a m'thupi la munthu, za mayiko a kutsidya kwa nyanja. Ine ndimamvetsera. Zambiri zimandidutsa, koma chitseko ndimatsegula ndine.

Mawu aja munkalavulira malovu, ndikudziwa kuti tsopano ndi dzina langa. Kumudzi akunditchula kale, mkazi amene adasiya mwamuna akufa n'kutsalira m'tauni. Sindikuwatsutsa. Mtchona ndine. Dzana ndidakumba kadzenje kuseri kwa chipinda chathu n'kuikamo njere za papaya. Musakwiye kwambiri, inunso mudatsala konkuno.

Lonjezo lakale lija ndalephera, ndiye sindikufuna kukulonjezani zazikulu. Chimene ndingathe ndi ichi: sukulu ikatsekera tidzakwera sitima kubwera ku Gatuma, ine ndi ana, kudzazula udzu ndi kusesa pamene mwagonapo, ndipo tidzatero chaka ndi chaka ndikadali moyo. Dorika ndidzamuuza avale yunifomu. Mukadzaona nsalu yanu itaima kumutu kwanu, musadzafunse ngati tafika kumudzi. Mudzangoyang'ana amene waivala.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mtima uli zii ngati mwendo wogonera. Ukadzadzuka ndidzakulirani bwinobwino, inu pamodzi ndi mkamwini wanu.

Ndine mwana wanu,
Esinati