Chiswe Chadya Digiri Yanga

Amake Hope,

Pepani, ndanyamuka musanaweruke. Ndathamangira kwa bambo ku Nachisaka.

A ku koleji kuja ndinafunsira maphunziro a magetsi a dzuwa aimba foni m'mawa uno. Akuti malo andipatsa, koma ndipite ndi digiri yeniyeni ya uinjiniya pofika Lachisanu, fotokope sakuifuna. Mukudziwa kuti pepalalo bambo analipachika pabalaza nditangomaliza sukulu, kuti mlendo aliyense aziliona asanakhale pansi n'komwe. Zaka khumi ndi zinayi silinatsitsidwepo. Ndinawaimbira achemwali a Faines kuti alichotse pakhoma, ndiye apeza chiswe chinalowera kumbuyo kwa felemu. Akuti kwatsala dzina langa ndi theka la chidindo basi. Mawu oti injiniya chinadya onse. Nachonso chinaona kuti munthu wongosintha malamba a zigayo m'Dowa muno dzina la injiniyalo silimuyenera.

Ndikukatenga zotsalazo, kaya a ku kolejiwo akandimvera. Kuti pepala lina lituluke akuti pamapita miyezi, malowo adzakhala atapatsa wina. Bambo sanauzidwe, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Kalata yosiyira ntchito ija ndinati mukandisiyire ku ofesi mawa, musakaperekenso. Muyatsire mbaula. Ovolosi ija ndinakuuzani mokondwa kuti muiduledule ikhale chokolopera, ngati simunaidule, ndichapireni. Lolemba ndiivala.

Ine wanu,
Isake