Kaampulifaya Kako Ndasinthitsa

Wokondedwa Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Chifuwa chija chamusiya wamng'onoyo? Kuno tilipo. Alamu ako akudandaula msana monga mwa masiku onse, ine maso akutopa ndi kusoka, poti diresi la ukwati wa mwana wanga ndikusoka ndekha. Bambo akudya bwino, akugona bwino. Zinazo ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembere, chifukwa pafoni umafulumira ngati wasiya mkaka pamoto.

Katundu wako anafika. Zikomo. Ndayamba ndi zikomo dala, kuti ukamafika kumunsiku usanene kuti mlongo wako sayamika.

Ukukumbuka kuti mdzukulu wawo atabwera kudzanena za ukwati, bambo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzamuimbire gitala polowa muholo. Khutu lawo lakumanja ukudziwa kuti linafa kalekale, chifukwa cha zaka makumi atatu zoima pafupi ndi masipika m'mahotela zija. Latsala ndi lakumanzere. Chimwalirireni amayi, gitala inangokhala m'thumba lake kuseri kwa chitseko. Ndiye atanena zoimba, ine mtima unangoti myaa.

Vuto linali chiampulifaya chawo chokuzira mawu a gitala chija, chimene amayi ankachitcha mkazi mnzawo. Chachikulu ngati wadiropu. Masitepe a kwathu kuno ukuwadziwa, ngakhale matiresi timachita kupinda. Chinakhala zaka zinayi m'kachipinda ka katundu pansi pa masitepe. Alamu ako ndi anzawo awiri anachikweza pa wilibala kupita nacho kwa a Fyuzi, bambo okonza mawailesi aja a kuseri kwa msika.

A Fyuzi atangomasula thabwa lakumbuyo, mayo ine! Mphemvu zinatuluka ngati zaitanidwa kumsonkhano, zina kuwakwera m'manja, ina kundilowa m'nsapato. Makoswe anadya pepala lonse la sipika n'kuswerana momwemo. Fungo la mkodzo wawo linandikhala pakhosi tsiku lonse, chakudya sichinalowe. A Fyuzi anangopukusa mutu, amvekere awa ndi maliro, musataye nthawi. Bambo anawerama, anatola kabatani kamodzi kamene kanagwa pansi n'kuika m'thumba la malaya.

Ndi pamene ndinakuimbira. Ndinati tikufuna ampulifaya yaing'ono yoti ndizikwera nayo masitepe ndekha, koma ya mawu odzaza. Iwe unati ndisavutike, zonse uzisamala, waona pa intaneti ina imene anthu zikwizikwi aiyamikira. Anthu ake ati? Unawaona? Anamvapo bambo ako akuimba? Kandimverere anakanena za m'maluwa, Mzime.

Kanthu kako kanafika m'katoni yokongola kuposa iko komwe. Kopepuka ngati buledi, kapulasitiki kokhakokha, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tili thwanithwani. Ati kamalumikizana ndi foni. Ati kali ndi mawu a mitundu makumi anayi. Tinayesa mitundu yonseyo, ndipo yonse inali udzudzu umodzi womwewo uli m'chitini. Asa! Waya wamkulu wa gitala ya bambo, amene ankagwedeza makapu m'kabati ya amayi, ankangoti nyii. Chikomekome cha mkuyu, m'bale wanga.

Tsono apa ndi pamene pali tchimo langa. Bambo anandiyang'ana kumaso n'kundifunsa kuti zikumveka bwanji. Anali atavala malaya oyera, akusisita katoni ija chifukwa yachokera kwa mzime wawo. Ndinayandikira kukhutu lamoyo lija n'kunena kuti zikumveka bwino kwambiri, ngati kale. Ndinanama maso ali gwa.

Loweruka tinapita kuholo kukayeserera ndi a bandi amene adzaimbe paukwatipo. Wang'oma atangoyamba, bambo anasowa. Zala zikuyenda, thupi likugwedezeka, maso atatsinzina monga amachitira, koma kumveka ayi. Atakweza mpaka kumapeto, kanthu kaja kanayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi kopanidwa pachitseko. Wa kiyibodi anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Pomaliza onse anaomba m'manja, kuomba kwachisoni kuja timaombera ana a sukulu ya mkaka akaiwala ndakatulo. Munthu amene ankavinitsa hotela yathunthu mpaka operekera zakudya omwe!

Bambo si mwana. Mapewa aja anawaona. Anawerama n'kuika chikhatho pa kaampulifaya kako, dzanja linalo n'kukhudza waya wamkulu. Anadikira. Anakhudzanso. Kenako anazula chingwe n'kubweza gitala m'thumba.

M'basi sanandiyang'ane. Titafika kunyumba, ndikuwapatsa madzi akumwa, anandiuza osakweza mawu kuti ugonthi ndi wawo, auzolowera, koma bodza lija ndi langa, ndilisenze ndekha. Anati munthu wosamva amadalira nkhope za ana ake, tsono nkhopezo zikayamba kunama, watsala ndi chiyani? Kunali bwino akanangondiwaza mbama.

Masiku asanu gitala sanaikhudze. Ine ndinkasoka diresi misozi ikugwera pansalu, ndikudzinyansa ndekha, ndipo iwenso ndinkakutukwana mumtima, ndisakubisire. Tsiku lotsatira ndinagwada n'kupepesa, ndipo ndinawapempha kuti tikasankhe ina limodzi. Anati chabwino, koma wosankha akhala iwo, ine ntchito yanga ndi kunyamula gitala ndi kutseka pakamwa.

Tinazungulira masitolo anayi. Ogulitsa a masiku ano, kaya ntchito anaiphunzira kuti! Aliyense amathamangira kukweza voliyumu mpaka magalasi kunjenjemera, n'kumaimba yekha tinyimbo take tothamanga kuti uone zala zake. Wina atazindikira kuti bambo samva bwino anayamba kulankhula ndi ine ndekha, ati agogowa iliyonse iwakwana, bola ikhale ndi kagetsi aziona kuti yayaka. Pamaso pawo! Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pakanapanda lamulo lotseka pakamwa lija, bwenzi mpaka lero akundikumbuka.

Kasankhidwe ka bambo ndi aka. Amayamba ainyamula kaye. Ikapepuka amaibweza osailumikiza n'komwe, ati mawu amakhala mu maginito a sipika, ndipo maginito enieni amathyola mkono. Kenako amagogoda m'mbali kuti adziwe ngati ndi thabwa kapena pulasitiki. Ikapambana pamenepo, voliyumu amaiika pansi, osafika ngakhale pakati, ati yabwino imadzaza chipinda isanayambe kukalipa. Ndiye amavula nsapato ndi sokosi, kuponda pamwamba pake, n'kukhudza waya wamkulu kamodzi kokha. Amawerenga chamumtima mpaka kunjenjemera kutatha kuphaziko. Ikafa asanafike pa sikisi, basi, tiyeni kwina.

Pasitolo yachinayi, mwini wake ataona phazi pa katundu wake anakuwa ngati tamubera. Ati kuno si kubafa. Anatenga kansalu n'kupukuta pamene bambo anaponda, mphuno atakwinya. Phazi la bambo ako, loyera, loti zikhadabo ndinawenga ndekha dzulo lake! Tinatuluka. Nsapato bambo anavalira pakhonde, anthu akudutsa.

Pobwerera tinadzera kwa a Fyuzi kuti tiwauze angotaya chimaliro chija. Tinawapeza atakhalira kabokosi kakuda, akuwotcherera mawaya a wailesi. Bambo anawauza kuti taimirirani. A Fyuzi anadabwa, koma anaimirira.

Mpando wawowo unali ampulifaya, Mzime. Kakang'ono, m'bondo sikafika n'komwe. Nsalu yakutsogolo yong'ambika, pamwamba zipsera za chowotcherera ndi mizere ya makapu a tiyi, chogwirira chake lamba wakale wa thalauza. Konyansa zedi. Ndikanakapeza pakhomo panga ndikanakataya kudzala. A Fyuzi anati anakatola pa zinthu zotayidwa, anakakonza bwinobwino, koma aliyense akakaona amaseka, ndiye anangokasandutsa mpando.

Bambo anakanyamula n'kukabweza pansi msanga, akumwetulira. Kolemera ngati ndowa yodzaza madzi. Anagogoda, thabwa. Anavula nsapato, ndipo a Fyuzi sanakwinye mphuno, anangosuntha zitsulo zawo kuti pakhale malo. Waya wamkulu atangokhudzidwa, timisomali ta m'chitini cha a Fyuzi tinayamba kuvina tokha. Ine ndinazimvera m'mimba. Milomo ya bambo inkawerenga. Inadutsa sikisi, inadutsa teni. Kenako anaimba nyimbo ija ankaimbira amayi akakwiya, yonse, phazi lili pomwepo. Wometa wa khomo linalo anabwera kudzaima pakhomo makina ali m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka.

Atamaliza sanandifunse kuti zikumveka bwanji. Anangondiyang'ana, ndipo ulendo uno nkhope yanga inalibe chobisa.

Tsopano imva. A Fyuzi anakana kugulitsa mpando wawo, koma anati akhala akufuna kanthu komvetsera nyimbo za mufoni pogwira ntchito. Ndinathamangira kunyumba, kutenga kaampulifaya kako ndi katoni yake yomwe, n'kukawapatsa. Mphatso yako ndasinthitsa, ndipo sindikupepesa. Panopa kakuthwanima pashelefu pawo, kapeza ntchito yokayenera. Kabatani kaja bambo anatola, a Fyuzi akaika pa voliyumu ya konyansaka. Masitepe ndimakwera nako ndekha, kupuma kawiri panjira. Bambo amaimba tsiku lililonse atakakhalira, ndipo a nyumba yapansi abwera kale kawiri kudzadandaula phokoso. Bambo zimenezo zawakomera kwabasi.

Ukhoza kukwiya, wakutsina khutu ndi mnansi. Koma pali bodza lina limene latsala, ndipo ili likukhudza iwe.

Lachitatu tinali kwa dokotala wa makutu. Akuti lakumanzere nalonso likutseka, ndipo likufulumira. Tsiku sanatchule, koma anati ngati pali mawu amene bambo akufuna kumva, asadikire chaka chamawa. Mawu ang'onoang'ono anapita kale. Amene akulowabe ndi akuluakulu okha, apansi.

Foni ilibe mawu apansi, Mzime. Ili ngati kanthu kako kaja. Lamulungu lililonse ukaimba, bambo samva ngakhale liwu limodzi. Foni ndimaiika pa sipika n'kukhala patsogolo pawo. Ndikagwedeza mutu amati eya, ndikaonetsa mano amaseka, ndikakweza dzanja amati zikomo mwananga. Miyezi isanu ndi itatu takhala tikuchita sewero limeneli, iwe n'kumadula foni uli wokhutira kuti wacheza ndi bambo ako. Anayambitsa ndi iwo, kuti usamadandaule uli kutali. Koma Lamulungu lapitali utangodula, anakankha foni n'kunena kuti zikuwanyansa kuseka nthabwala imene sanaimve. Anati langa lija ndinapepesa, ili ndiye bodza lawo, ndipo alitula. Inenso zandikwana.

Masiku ano ndikafuna kuwauza chinthu chofunika, amaika chikhatho pamsana panga, pakati pa mapewa, ine n'kumalankhula. Akuti khutu likagwira theka, dzanja limagwira theka linalo. Mdzukulu wawo amuyesa, ati ali bwino. Alamu ako awayesa, ati amenewo ndi pulasitiki. Dzulo anandiuza kuti mawu ako ayamba kuwathawa m'mutu, akayesa kuwakumbuka sakubwera. Nanga abwera bwanji? Pamaliro a amayi unangokhala masiku awiri, ndipo amene unacheza naye kwambiri ndi foni yako.

Ukwati ndi Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa. Usatumize kanthu. Usakayambe kufufuza pa intaneti timakina ta m'makutu, dokotala wayesa kale. Suti bambo ali nayo. Chimene chikufunika kuno sichilowa m'katoni. Bwera ndi msana wako. Kaampulifaya ka kwa a Fyuzi kaja n'kakang'ono, kasiya malo m'chipinda mwawo, ndipo ndaikapo kale mpando.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo awasowa. Mkwati akuti malume ake akapanda kubwera asadzamulankhulenso. Alamu ako akupereka moni. Za pulasitiki sakuzidziwa, usawauze. Mulungu akusunge iwe ndi banja lako, akutsogolere panjira, akupatsenso manyazi pang'ono.

Kalatayi bambo ndawawerengera yonse, dzanja lawo lili pamsana panga. Pa mphemvu anaseka. Pa alamu ako anati ndisafufute. Nditafika pa mawu akuti bwera, anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndabwereza katatu dzanja asanachotse.

Ndine mlongo wako,
Chisamba