Minsi iwiri m'bokosi la Tadala

Amayi anga, kaya mukukhala bwanji kumene munapitako?

Ndine Esinala. Ndakhala pakhonde kuno ku Katete, ndipo cholembera chikundivuta kugwira, mukudziwa kuti sukulu ndinalekera panjira. Mukaona zilembo zokhotakhota musaseke. Kapena sekani ndithu, mwina ndingakumveni.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi usanamuuze za maliro. Nshawa zachita bwino chaka chino, ngakhale chiswe chinadya kumunsi kwa munda wanu uja. Thonje ndiye ayi, mbozi zinatitsogolera. Chimanga chilipo choti n'kufika nacho mu Januwale, koma ine ndayamba kale kusowa tulo poganizira za Febuluwale. Munkandiuza kuti, "Esinala, usamamwe mankhwala a matenda amene sanabwere." Ndimamwabe, amayi. Kwa alongo anga a Yohane ku Vubwi kunabadwa mdzukulu wamkazi ndipo anamutcha dzina lanu. Mphumi yake ndi yanu yotakata ija. Nditamunyamula ndinalephera kumuitana dzinalo, ndinangoti mwanawe.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Ndi ya Tadala, mwana wanga amene munamulera ndinu pamene ine ndinkadwaladwala. Anamaliza maphunziro ake ku Lusaka ndipo akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno. Inu munapita asanalandire malipiro oyamba, ndipo zimenezo zimamuwawa mpaka lero. N'chifukwa chake a Yohane atanena kuti tikumangireni chiliza mvula isanagwe, Tadala ndiye anathamanga kukagula simenti n'kuitumiza kumudzi.

Aphunzitsi ake akale ku Lusaka anamupatsa makina amene iwo anasiya kuwagwiritsa ntchito, kuti aziphunzitsira ana. Iye amawatcha jenereta, koma si jenereta yapetulo ngati yakuchigayo kapena yakutchalitchi, siyatsa ngakhale babu. Ndi bokosi lachitsulo lotuwa, kukula kwake ngati sutikesi yaing'ono, lokhala ndi mabatani, chopotokola chimodzi, ndi timabowo tolowetsamo mawaya kutsogolo kwake. Nditamva kuti mwana wanga akusewera ndi magetsi ndinasowa mtendere, mpaka Loweruka lina anatopa nane n'kunditenga kuti ndikadzionere ndekha m'chipinda chimene amachitcha labu.

Ndinaona kuti sachita zinthu mwaphuma. Anayamba watembenuza bokosilo n'kuwerenga kumbuyo kwake ngati likugwirizana ndi magetsi athu, akuti ukalakwitsa pamenepo limapsa nthawi yomweyo. Atayatsa analisiya kaye kuti litenthere, ife tikudya mbatata. Kenako anandiuza kuti ntchito ya bokosilo ndi kudikira basi. Limalandira chizindikiro, limadikira kanthawi kamene waliuza, ndiyeno limatumiza kamagetsi kochepa pa waya kukadzutsa chinthu china. Anandionetsa ndi dontho la madzi. Dontho likagwa kuchokera m'botolo limadutsa pa kadiso kamagetsi, kadisoko kamauza bokosi, bokosi limadikira mpaka dontho lifike m'mbale, kenako limadzutsa nyale yothwanima, kamera n'kujambula. Akafupikitsa kudikirako, pachithunzi dontho limaoneka lili m'malere. Akatalikitsa, umangoona madzi atakhazikika kale. Akapeza pakatikati, madzi amaoneka ataimirira ngati chipewa cha mfumu. Ndinadabwa, koma mantha ndinalibe.

Zinavuta pamene anati andimvetse kudikirako ndi makutu, monga amachitira ndi ana a sukulu. Analumikiza timasipika tiwiri, kena pa bowo loyamba, kena pa lachiwiri, n'kuliuza bokosi kuti lizibwereza lokha. Koyamba kankati du, kachiwiri n'kuyankha du. Anandigwiritsa chopotokola chija n'kunena kuti ndisinthe mtunda wa pakati pa kulira kuwiriko mmene ndingafunire.

Ndinapotokola pang'onopang'ono. Poyamba zinkamveka ngati nkhuku ikujompha m'lichero. Kenako zinatalikirana, zinatalikirana, ndipo mwadzidzidzi dzanja langa linaima lokha. Amayi, unali munsi wanu. Unali munsi wanga ukugwa, wanu n'kutsatira, monga tinkasinjira awiri mumtondo umodzi kuseri kwa nkhokwe. Mukukumbuka mmene ndinkafulumirira chifukwa choopa kuchedwa, minsi n'kuwombana, mphale n'kumwazika? Munkati, "Usathamangire munsi wanga, udikire utuluke." Kuchedwa kwanu kuja, kwa munthu amene sakuopa kanthu, ndinakumva m'chipinda cha sukulu, masana dzuwa likuswa mtengo. Fungo la gaga linandifika m'mphuno. Tadala anandifunsa ngati ndadwala, ine ndinati ndi mbatata chabe.

Ndikanasunga mumtima bwenzi zonse zili bwino. Koma nditapita ku Vubwi kukaona khanda lija, tikuswa nshawa ndi alamu anga akazi a a Yohane pamodzi ndi amayi ena apamudzi, nkhani yanu inabwera, ndipo ine ndinati ndinawamva amayi akusinja m'bokosi la Tadala. Ndinanena chifukwa cha kukusowani. Ndinangoona manja onse asiya kuswa.

Inu mukudziwa zimene anthu amakhulupirira kwathu, kuti alipo ena amene amatenga m'bale wawo womwalira n'kumusandutsa ndondocha, kumusunga pobisika kuti aziwagwirira ntchito iwo akulemera. Anthu anayamba kulumikiza. Agogo amwalira, mdzukulu wapeza ntchito. Mdzukulu wagula simenti yekha. Ndipo mayi wake weniweni wanena ndi pakamwa pake kuti agogowo akusinja m'bokosi. Mlungu usanathe a Yohane anandiimbira foni. Anati simenti ya Tadala aitulutsa m'nyumba, ili pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwanayo asaponde kumanda kwanu kufikira iwo, monga malume ake, atadzaona bokosilo ndi maso awo.

Kumuuza Tadala kunali kovuta kuposa kubereka. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amama, ine? Agogo anga?" Kenako anatenga mabuku a ana n'kuyamba kuchonga, koma tsamba silinkatembenuzika. Masiku otsatira ankadya ngati mbalame. Ine ndinkangoganiza za mitambo, kuti mvula ikagwa msanga simenti ija iuma pansi pa mango, ndiponso kuti nkhaniyi ikafika kwa makolo a ana apasukulu, ndani adzalola mwana wake kulowa m'chipinda chimenecho. Ndipo pansi pa zonsezo panali china chimene sindinauze munthu. Ndinkadzifunsa kuti, nanga ngati munalidi inu? Osati kuti Tadala anakuikanimo, ayi, koma kuti mwina simunagone, mukuyendayenda kufuna polankhulira.

A Yohane anafika Loweruka pa minibasi, atavala jekete lawo lakutchalitchi ngakhale kunali kotentha, Baibulo lili m'thumba. Moni wa Tadala anayankha akuyang'ana kumbali. M'labu anakana mpando. Analamula kuti mawaya onse azulidwe ndipo bokosi litsegulidwe. Tadala anamasula zomangira n'kuchotsa chivundikiro. M'katimo munali timatabwa tobiriwira, fumbi la ku Lusaka, ndi mphemvu yakufa. A Yohane anaiyang'anitsitsa mphemvuyo mpaka ine ndinayamba kuopa kuti nayonso ilowa m'mlandu, koma anangoiuzira n'kugwa pansi.

Kenako Tadala anatseka n'kuyamba kulumikiza, akutchula chilichonse asanachigwire. Ulendo uno anawonjezera chida china chonga wailesi yakanema yaing'ono, chimene chimajambula kamagetsi kaja ngati mzere. Anatenga waya wautali wokulungidwa kuti chidacho chikhale pafupi ndi malume ake. Atadina batani, mzere unadumpha n'kupanga kaphiri kamodzi. Koma pambuyo pa kaphiriko panatuluka kena kakang'ono, kofooka, kotsatira m'mbuyo ngati mwana wotsatira amake.

A Yohane analoza ndi chala n'kufunsa kuti, "Iwe watumiza kamodzi. Winayu ndani?"

Ndinaona nkhope ya Tadala itasintha, ndipo ndinati basi zatha. Koma iye anangomenya pamphumi pake n'kunena kuti chifukwa cha mantha waiwala kachotsekera. Anatulutsa m'kabati kachitsulo kakang'ono ngati chala chamwana. Anafotokoza kuti kamagetsi kakathamanga pa waya n'kupeza kumapeto kuli pululu, kamagunda n'kubwerera, monga mawu amabwerera ukakuwa pafupi ndi phiri. Kachitsuloko kamakamwa kuti kasabwerere. Sanakaike yekha. Anakapereka m'manja mwa malume ake n'kuwaonetsa popotokolera. A Yohane ataika, kaphiri kachiwiri kanazimirira. Atachotsa, kanabwera. Anaika, anachotsa, anaikanso, kambirimbiri, mpaka thukuta linadontha pa jekete. Pomaliza anakhala pampando uja anaukana.

Ndiye anati akufuna kumva chimene ine ndinamva. Tadala analumikiza timasipika tija, ndipo ine ndinapotokola mpaka ndinafika pamalo paja. Du, du. Ndinawayang'ana alongo anga kudikira kuti alire kapena athawe. Iwo anapendeketsa mutu, anamvetsera, kenako anapukusa.

"Awa si amayi. Amayi ankachedwerapo kuposa apa."

Anandilanda chopotokola n'kutalikitsa. Anati ndi apa, umu ndi mmene ankamvera ali kukhola m'mawa. Ine ndinamvetsera ndipo sanali inu ngakhale pang'ono, anali munthu wotopa, wokalamba. Ndinabweza. Iwo anabwezanso. Tinakangana ngati ana olimbirana chikhatho cha nshawa, anthu aimvi awiri pamaso pa mwana. Kenako Tadala ananena motsitsa mawu kuti kwa iye tonse talakwa, agogo ake ankasinja mofulumira ndipo ankaimba. Anasintha yekha, n'kutimvetsa munthu wachitatu amene ine sindinamudziwe.

Bokosi linkangogunda. A Yohane anavula jekete n'kulipinda pamwendo. Anati ngati aliyense akupezamo mayi wakewake, ndiye kuti mulibemo munthu, muli makutu athu basi. Anamuuza Tadala kuti azimitse, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamuitana mphwanga. Popita kokwerera basi ananena kuti simenti ailowetsanso m'nyumba akangofika, ndipo tsiku lomanga chiliza, madzi oyamba othira m'simentimo adzathira Tadala.

Ndinayenera kusangalala, ndipo mbali ina ndinasangalala. Tadala wayambanso kudya. Koma amayi, ndikuuzeni zoona. Masiku onse aja ndinkaopa kuti muli m'bokosi. Tsopano ndadziwa kuti mulibemo, ndipo zikundiwawa kuposa poyamba. Ngati ine ndi a Yohane, amene tinayamwa bere limodzi, sitingagwirizane za kugunda kwa munsi wanu, ndiye kuti wina wa ife wayamba kukuiwalani, ndipo ndikuopa kuti ndine. Dzulo ndinayesa kukumbukira mmene munkatsokomolera pobwera kuchokera kudimba, ndipo sizinabwere. Nthawi zina pobwera kumsika ndimadutsa dala kuseri kwa sukulu, ndikamva du, du pawindo ana akuphunzira, ndimaima. Ndikudziwa kuti ndi waya ndi magetsi. Ndimaimabe.

Nkhani sinathe kumudzi. A Yohane anaona ndi maso, koma amayi aja tinkaswa nawo nshawa sanaone, ndipo ndamva kuti ena akuti malume anawatseka pakamwa ndi tiyi wa m'tauni. Alamu anga sanandiimbire. A Yohane angathe kulamula kuti Tadala afike kumanda, koma sangalamule kuti anthu akhale naye pamphasa imodzi kapena adye chimene waphika. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga, ndipo palibe wina angakawatole koma ine.

Choncho ndikulonjezani ichi. Ndidzatsogola ku Vubwi chiliza chisanamangidwe. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, amayi onse asanabalalike, ndidzaimirira, ine amene sindinayambe ndalankhulapo pagulu, ndipo ndidzanena kuti chimene ndinamva chinali chisoni changa, osati ufiti wa mwana wanga. Mawu akadzanjenjemera ndidzabwereza mpaka amveke. Ndipo tsiku la chiliza ndidzabwera naye Tadala kwa inu nditamugwira dzanja, kudutsa pakati pa mudzi, osati njira yakuseri. Anthu akadzakana kudya zophika zake, ndidzadya ndine pamaso pawo.

Ngati mwagona, gonani ndithu, musadzuke chifukwa cha ife. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu wamantha uja,
Esinala