Nyumba Imene a Jethro Anamangira Ingiridi

Nabvutika, Chipata
Ogasiti 1999

Okondedwa alamu anga a Dainess,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Kitwe, inu ndi abambo a Chipo? Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno tadzuka bwino. Mwana wathu Takondwa wayamba kuwerenga, ndipo amayi ku Madzimoyo akolola nshawa zambiri chaka chino.

Alamu, ndalemba chifukwa cha alongo anu a Jethro.

Kukampani ya thonje kumene amagwira ntchito anaika kompyuta yolumikiza ku waya wa foni. M'menemo muli dziko lamasewera, la misika, migodi ndi nyumba, ndipo anthu a maiko akutali amakumanamo, aliyense ndi kachithunzi kake koyenda. Abwana amawalola kulowamo akaweruka. Alongo anu m'menemo ndi osula zitsulo. Amasula malupanga n'kugulitsa ndi ndalama za m'dzikomo, zoti simungagule nazo ngakhale mchere pamsika wa Kapata. Koma akuti alipo azungu amene amagula katundu ameneyo ndi madola enieni.

Poyamba ndinkangoseka. Kenaka m'nyumba munalowa dzina lachilendo, Ingiridi. Akuti ndi mayi wa ku Sweden amene amawagulitsira m'sitolo yawo ya m'kompyutamo. Tikadzuka, Ingiridi wapeza makasitomala. Tikamadya, Ingiridi amadziwa mitengo. Mpaka anam'mangira nyumba ya miyala kuseri kwa sitolo. Mzungu wina atafuna kuigula ndi ndalama zenizeni anakana, ati nanga Ingiridi akakhala kuti. Denga lathu mukulidziwa, alamu. Mvula ikagwa timasuntha bedi.

Ndinakadandaula kwa ankhoswe athu a Bonifasi. Anaseka mpaka kutsokomola, ati mkazi wosam'gwira dzanja si mkazi, ndizithokoza kuti mwamuna wanga sapita kumowa.

Loweruka lapitali masana ndinavala chitenje chatsopano n'kupita ku ofesi kwawoko. Sanakwiye. Anandikokera mpando n'kundionetsa mnzangayo. Kanali kachidole kochepa ngati chala, ka diresi lobiriwira, kataima pakhomo pa sitolo. Ndinachita manyazi kuti ndadzikongoletsa chifukwa cha kameneko. Komabe ndinawauza kuti alembe kuti mkazi wawo wabwera. Ndinkayesa akana, kapena mayiyo adabwa kumva kuti ali pabanja. Iwo analemba osanyinyirika.

Yankho linabwera msanga, m'Chingelezi chosavuta, moti ndinawerenga ndekha. Mayiyo anandipatsa moni ponditchula dzina. Kenaka anati, "Yosefina, pepani kwambiri za Madalitso. Jethro amandiuza za iye masiku onse. Akuti ankaseka ngati inu."

Alamu, munalipo pamene tinaika Madalitso chaka chatha. Chichokereni kumanda, alongo anu sanatchulepo dzina la mwanayo m'nyumba muno. Ndikayamba ine, amatuluka kukakonza njinga yosawonongeka. Ndinkati ndi mmene amuna alili, ndipo ndinkalira ndekha kubafa kuti ndisawavutitse. Osadziwa kuti maliro a mwana wanga amakalirira ku Sweden. Zoti ankaseka ngati ine ndazimva kwa mlendo.

Tinabwerera kunyumba limodzi ndi alongo anu. Tili pafupi kufika anangoti kulemba n'kosavuta chifukwa munthu sakuona nkhope yako.

Sindikunena kuti achita chigololo. Akanakhala mkazi wa mu Nabvutika momwe muno, bwenzi ndikudziwa khomo lokalalatira. Koma uyu ndim'tani? Anandipepesa mwaulemu, ndipo ndikudana naye. Ndikaona diresi lobiriwira pamsika mtima umandiwawa. Ndinakaulula kwa abambo mfumu, koma nsanjeyo sinachoke.

Chonde bwerani sukulu zikatsekera. Inu munawalera, amakumverani. Sitoloyo asatseke, nyumbayo am'siyire mwini wake, denga tidzaona. Muwauze chabe kuti za Madalitso azinena kwa ine amene ndinam'bala, ngakhale atandifulatira polankhulapo.

Mundiperekere moni kwa abambo a Chipo, kwa Chipo ndi kwa azakhali a Elesi. Ambuye akusungeni, ndipo mutikumbukire pa Misa.

Ndine mlamu wanu,
Yosefina